Magazi a Mbona ndi nsembe za ku Khulubvi

Mukafunsa akuluakulu a ku Nsanje chifukwa chomwe madzi a pa Ndione amafiirira nthawi zina, sakuuzani za katondo wokokoloka ndi mvula. Amati amenewo ndi magazi a Mbona.

Nkhaniyi aliyense amaikamba mwake, koma thunthu lake ndi limodzi. Dziko litauma ndi chilala, mkulu wina dzina lake Mlauli adavina kupempha mvula, kumwamba kuli mbee. Mbona, mwana wa mlongo wake Chembe, atalowa m'bwalo, mitambo idachita bii, mvula n'kukhuthuka. Apa ndi pomwe padayambira njiru. Mbona adathawira kumwera, adani ali pambuyo, ndipo ambiri amati adaniwo adali anthu a mfumu Lundu. Atampeza, mikondo idakanika kumulasa. Iye mwini ndiye adawaululira kuti chitsulo sichingamuphe, koma kaudzu kachabechabe. Adamudula mutu pa Ndione, magazi adayenderera mpaka kusanduka mtsinje, ndipo mutuwo adakauika m'nkhalango ya Khulubvi, komwe kuli kachisi wake mpaka lero.

Nkhalangoyo mumaizindikira muli patali. Kozungulira konse mitengo idatha ndi nkhuni, makala ndi minda, koma ya m'Khulubvi ili chiimire, poti palibe amalowamo ndi nkhwangwa. Mlendo salowa yekha. Amayamba wapempha kwa osunga malowo, navula nsapato, navala zakuda. Chakuda kuno si cha maliro ayi, ndi mtundu wa mtambo wa mvula, n'chifukwa chake nsalu yopereka kwa Mbona imakhalanso yakuda. Kachisi mwiniyo ndi kanyumba kozungulira, kofolera ndi udzu, koti munthu wosadziwa angakayese chisakasa cha kumunda.

Mvula ikachedwa, mafumu a Amang'anja amamvana, ndipo pa mwambowu maina a mafumu Ngabu ndi Tengani sasowa. Midzi imasonkha chimera, amayi n'kufulula mowa. Ngati kachisi wafumbwa, amamumanganso. Pa tsikulo anthu amakhala pansi, amaomba m'manja mwaulemu, wamkulu akutsira nsembe n'kumatchula mavuto a dziko: mbewu zapserera, ana akugona ndi njala, ziweto zikufa. Palibe wofuula. Amadandaula ngati mmene mwana amadandaulira kholo lake.

Chomwe chimandigwira mtima ine ndi nkhani ya Salima. Mbona amakhala ndi mkazi wamoyo wotchedwa Salima, mayi wachikulire wokhala pafupi ndi kachisi, ndipo amati mwamuna wake amamuyendera usiku ngati nsato n'kumuuza zoti dziko limve. Mwa mwambo, wopereka mkaziyo adali Lundu, yemwe uja anthu ake adakhetsa magazi. Wopha adasanduka mpongozi. Ndiye ukaganiza bwino, nsembe ya ku Khulubvi ndi chipepeso cha mlandu wakalekale, ndipo madzi a pa Ndione ndiwo mboni yake. Masiku ano kupeza mayi wovomera kusiya abale ndi mpingo wake n'kukhala Salima n'kovuta, moti pakhala nyengo zina nyumba yakeyo ili yopanda mwini.

Mipingo ina imati zonsezi n'zachikunja. Komabe wansembe wa Katolika wa ku Netherlands, bambo Matthew Schoffeleers, adakhala zaka zambiri akumvetsera nkhalamba za m'Chigwa cha Shire, ndipo m'chaka cha 1992 adatulutsa buku lotchedwa River of Blood. Iye adaona kuti nkhaniyi ikukumbukira nkhanza za ufumu wa Lundu cha m'ma 1600, komanso adamva anthu ena akutcha Mbona Yesu wakuda. Mu 2011 Khulubvi adalowa pa mndandanda woyembekezera wa malo ofunika a UNESCO.

Mukadzafika ku Nsanje n'kufuna kuona malowa, mudzayambe mwapita kwa mfumu, ndipo nsalu yakuda mudzatengeretu.