Kodi Ndi Ulesi Kapena Ndi Matenda?



Lero tifuna kukamba za munthu amene ambiri a inu mumamdziwa, pakuti amapezeka m'midzi ndi m'malimana ambiri. Ndi munthu wamkulu, wapabanja, wanzeru ndiponso wokoma mtima. Koma akayamba kuumba njerwa, asanazitsirize wayamba kale kukumba chitsime. Chitsime chili pakati, iye wapita kukafunsa mtengo wa ukonde. Mukamtuma zinthu zitatu kumsika, abwera ndi chimodzi. Amalonjeza ndi mtima wonse, nkuiwala. Pa Misa amamva chiyambi cha ulaliki, kenaka adzidzimuka anzake ayamba kale kupereka zopereka. Pa msonkhano amadula anzake mau, osati mwachipongwe, koma chifukwa mau atuluka iye asanawayese. Ife tampatsa maina: waulesi, wamphwayi, wosamva. Ena amanong'ona kuti anamlodza. Iye mwini amadziyesa wochimwa kuposa onse, popeza wayesa kusintha kosawerengeka, koma osatha.

Mukumbukira kuti pa mutu 9 wa Mthenga Wabwino wa Yohane, ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona, anafuna kudziwa mwini mlandu, kaya iyeyo kaya makolo ake, ndipo Ambuye anakana zonse ziwiri. Nafenso tisafulumire kufuna wolakwa. Mwa anthu ena, ngakhale si onse, khalidwe limeneli limachokera ku vuto la mu ubongo limene madotolo amalitchula ndi zilembo zinayi za Chingerezi, ADHD, ndiko kuti kulephera kukhazikitsa maganizo pa chinthu chimodzi, pamodzi ndi kusakhala phee ndi kuchita zinthu mopupuluma.

Vutoli si lachilendo. M'chaka cha 1798 dotolo wa ku Scotland, Alexander Crichton, analemba za anthu amene maganizo awo sakhazikika chibadwire. M'chaka cha 1902 George Still anafotokozera madotolo anzake ku London za ana otere. Dzina limene tikuligwiritsa ntchito lero linakhazikika m'chaka cha 1987. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti ndi vuto la ana lokha, lotha mwana akakula. Tsopano zadziwika kuti ambiri amakula nalo. Pa dziko lonse lapansi, ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse ali nalo, ndipo mwa akulu ndi 2 kapena 3 mwa 100. Kafukufuku wa ana amapasa waonetsa kuti mbali yaikulu ya vutoli, magawo 7 mwa 10 kapena kuposa, ndi ya kumtundu. Nchifukwa chake makolo ena amadzizindikira okha pamene dotolo akuwafunsa za mwana wao.

Nanga chimachitika nchiyani m'mutumo? Inu a kunyanja mudziwa ntchito ya siginala, amene amakhala m'bwato usiku ndi nyali kuti usipa usonkhane malo amodzi, anzake aponye chilimila. Nyali zikamaphethira, usipa umamwazikana, ngakhale nyanja ili yodzaza. Chomwechonso mbali ya kutsogolo ya ubongo ndiyo imasonkhanitsa maganizo, kuwaika mu ndondomeko, ndi kuletsa lilime kapena dzanja lisanalakwe. Pa ntchitoyi imadalira timadzi totchedwa dopamine ndi noradrenaline. Mwa munthu wa ADHD nzeru zilimo zokwanira, koma nyali yozisonkhanitsa imayaka mosinthasintha. Chodabwitsa nchakuti chinthu chikamkondweretsa, nyaliyo imawala kopitirira: munthu wolephera kumvetsera ulaliki wa mphindi 15 angathe kukhala tsiku lonse akukonza injini ya boti, osakumbuka ndi nsima yomwe. Apa ndi pamene mabanja ambiri amakanganirana. Mai amati, "Bambo awa akafuna amatha, ndiye kuti zinazi amachitira dala." Sizili choncho nthawi zonse.

Munthu akakula, kuthamangathamanga kwa paubwana kumachepa, koma kumalowa m'kati: mtima sukhala pansi, ntchito zimasinthidwa kawirikawiri, ndalama za ku banki mkhonde zimathera pa zinthu zosakonzekera, ndipo ngozi za pa mseu zimachuluka. Amai ndi amene amaphonyeka kwambiri, chifukwa ali atsikana sankasokosa m'kalasi. Ankangokhala duu, maso pa bolodi, maganizo ali kutali.

Tsono munthu angadziwe bwanji? Palibe kuyeza magazi kapena kujambula mutu kumene kungaonetse vutoli. Dotolo amalizindikira pomva mbiri ya moyo wa munthu. Malinga ndi buku la madotolo a ku America lotuluka m'chaka cha 2013, pali zizindikiro 9 za kusamvetsera ndi zina 9 za kusakhazikika ndi kupupuluma. Munthu wa zaka 17 kapena kuposa ayenera kukhala ndi zosachepera 5 za gulu limodzi, kwa miyezi yosachepera 6, pa malo awiri kapena ambiri, monga kunyumba ndi kuntchito, ndipo zikhale zoonongadi moyo wake. Chachikulu nchakuti zina mwa zizindikirozo zikhale zitayamba asanakwanitse zaka 12. Tonsefe timaiwala, tonsefe maganizo amatithawa popemphera. Zimenezo zokha si matenda ai.

Pa mfundo ya zaka 12 tiyenera kuimapo, chifukwa kunyanja kuno zilipo zambiri zofanana ndi ADHD koma si iyo. Msodzi amene amachezera pa nyanja usiku ndi usiku, nagona maora atatu masana kukutentha, adzakhala woiwala ndi wokwiya msanga. Mankhwala ake ndi tulo. Likodzo ndi malungo obwerezabwereza zimachepetsa magazi, ndipo munthu wochepa magazi mutu wake sugwira. Chamba ndi kachasu zimaononga chikumbumtima cha thupi ndi cha mzimu chomwe, ngakhale nzoonanso kuti ena anayamba kumwa pofuna kuziziritsa mutu wosapuma. Mai amene wafedwa, kapena amene mwamuna wake anapita ku South Africa nasiya kutumiza mau, angadwale matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, ndipo iyenso adzapsereza ndiwo pamoto. Pali mtundu wa khunyu umene munthu sagwa pansi, amangoti kakasi kwa kamphindi. Palinso kusamva bwino kwa makutu. Ngati munthu anali bwinobwino mpaka zaka 30 ndipo kuiwala kwangoyamba kumene, imeneyo si ADHD. Apite msanga kuchipatala, pakuti chilipo china chofunika kuchipeza.

Nkhani ya malungo ili ndi mbali inanso yotikhudza ife. M'chaka cha 2010 anatulutsa zotsatira za kafukufuku wochitika ku Blantyre motsogozedwa ndi Gretchen Birbeck, amene analondola ana 132 ochira malungo a mu ubongo. Anapeza kuti ana otere amadwala khunyu ndiponso amakhala ndi vuto la khalidwe losalamulirika kawirikawiri kuposa anzao amene sanadwale malungo amenewa. Choncho ngati makolo akukumbuka kuti mwana anakomoka ndi malungo ali wamng'ono, nadzuka ali wosinthika, amuuze dotolo, ngakhale mwanayo lero ali ndi ndevu.

Ulendo uyambire pa chipatala cha pafupi, ndipo kuchoka apo pemphani kuonana ndi namwino kapena dotolo wa matenda a maganizo pa chipatala cha boma ku Mangochi. Iwo akaona kuti nkofunika, adzakutumizani kwa akatswiri ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kulinso zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Tikudziwa kuti dzina la Zomba limaopsa, ndipo ambiri amati kumeneko nkwa amisala okha. Manyazi amenewa ndi osayenera Mkristu. Yohane wa Mulungu Woyera, amene zipatala zija zimadziwika ndi dzina lake, iye mwini anatsekeredwa m'chipinda cha odwala misala ku Granada, namenyedwa zikoti monga ankachitira masiku amenewo, ndipo atatuluka anapereka moyo wake kwa odwala kufikira imfa yake pa 8 March 1550. Popita musapite nokha. Tengani mai anu, malume, kapena mchemwali wamkulu amene anakuonani mukukula, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, ndi malipoti a kusukulu ngati chiswe chinawasiya. Akatswiri ndi ochepa m'dziko muno, kotero mwina mudzapita kangapo musanamve yankho.

Mankhwala alipo. M'chaka cha 1937 Charles Bradley wa ku America anaona kuti mankhwala odzutsa ubongo, m'malo mowonjezera phokoso, amakhazika ana otere mtima pansi. Odziwika kwambiri lero ndi methylphenidate, opangidwa koyamba ku Switzerland m'chaka cha 1944 ndipo amagulitsidwa ndi dzina la Ritalin. Palinso atomoxetine, amene amagwira pang'onopang'ono patapita masabata. Ambiri amathandizidwa nawo kwambiri, koma sachotsa vutoli; amathandiza pa nthawi imene munthu akuwamwa. Angachepetse chilakolako cha chakudya, kusowetsa tulo, ndi kukweza kuthamanga kwa magazi, nchifukwa chake dotolo ayenera kuyeza mtima poyamba, ndipo mai woyembekezera anene. Methylphenidate ali m'gulu la mankhwala otetezedwa ndi malamulo ndipo sapezeka paliponse. Musapemphe mbale wa ku Johannesburg kuti akutumizireni mibulu pa basi, kapena kumwa ya mwana wa mnzanu.

Mankhwala akasowa, thandizo silinathe. Chimene mutu ulephera kusunga, chisungidwe kunja kwa mutu: kabuku kamodzi m'thumba, belu la pa foni lokumbutsa nthawi, msomali umodzi wa makiyi, ntchito imodzi mpaka ithe. Ndalama za fizi ndi za feteleza azisunge mnzake wa m'banja, mogwirizana, osati molanda. Kugona mokwanira, kugwira ntchito yotulutsa thukuta ndi kuleka mowa zimathandizanso ndithu.

Kwa inu akatekisi, nkhaniyi ikukhudza chikumbumtima cha anthu amene mumawaphunzitsa. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa m'chaka cha 1992, pa ndime 1735, amaphunzitsa kuti kulemera kwa mlandu wa munthu kungachepe chifukwa cha zovuta za m'maganizo. Kusafuna nkwina, kulephera nkwina. Komabe dzina la matenda silifafaniza ngongole: amene waiwala kubweza ndalama za limana azibweze, amene wadula mkazi wake mau apepese, ndipo amene wadziwa vuto lake ali ndi udindo wofuna thandizo. Munthu wotere musampatse bokosi la ndalama kapena buku la maina. Mpatseni ntchito yoyenda ndi yotha lero lomwe, monga kuyendera odwala, kuimba ng'oma, kapena kukonza denga la tchalitchi. Pa katekisimu mkhazikeni kutsogolo, mufupikitse phunziro, ndipo mumfunse mafunso pafupipafupi. Ngati korona yonse imkanika atakhala pansi, anene chigawo chimodzi m'mawa akuyenda kupita kudoko, china madzulo pobwera.