Mabala Omwe Lamulo Loletsa Kusuta Linawalumpha

Pa 30 Malichi 2003, eni mabala ndi malesitilanti a mumzinda wa New York anachotsa patebulo timbale totayiramo phulusa la fodya. Lamulo lomwe meya Michael Bloomberg anasayinira kumapeto kwa 2002 linali litayamba kugwira ntchito, ndipo aliyense womva chibaba anayenera kukasutira panja, kaya kugwe chisanu chotani. Komabe mpaka lero mukalowa mu Club Macanudo pamsewu wa East 63rd ku Manhattan, mupeza anthu atakhala phee m'mipando yachikopa, tambula ya kachasu wa azungu m'dzanja lina, utsi uli tolotolo kudenga. Sakuphwanya lamulo. Lamulolo ndi lomwe linawasiyira mpata.

Chomwe akusutacho ndi cigar. Amene anakulira kumudzi amvetsa msanga tikati ndi m'bale wake wa chingambwe amene anapita kusukulu. Mulibe pepala ngati mu ndudu: ndi tsamba la fodya lokulungidwa m'tsamba linzake. Fodya wake amaumikidwa pamthunzi monga timachitira ndi bale m'zigafa, kenako amamuunjika kuti avunde pang'ono kwa milungu kapena miyezi, mpaka fungo litakoma. Amamusunga m'bokosi lamatabwa lotchedwa humidor, lomwe limasunga chinyezi kuti tsamba lisaume n'kufumbutuka. Wosuta amadula kunsonga ndi kachipangizo kake, kuyatsa mosapupuluma, n'kumatulutsa utsi osaumeza. Cigar imodzi yaikulu imatha kumutengera ola lathunthu, mwinanso awiri.

Mpata womwe malowa anapatsidwa uli ndi malire ake. Lamulo la boma la New York, lomwe linatsatira mu Julaye 2003, limati bala iloledwa kusutitsa ngati m'chaka cha 2002 inkapeza 10 peresenti ya ndalama zake, kapena kuposa apo, pogulitsa fodya ndi kubwereketsa mabokosi osungiramo cigar. Iyenera kulembetsa chaka ndi chaka, kusonyeza kuti 10 peresentiyo ikumukwanitsabe, ndiponso isakulitse malo kapena kusamukira kwina. Yatsopano siloledwa. Ndiye kuti opanga lamulo anafuna kuti malowa azitha okha pang'onopang'ono, ikatsekedwa imodzi yapita. N'chifukwa chake mumzinda wa anthu oposa 8 miliyoni, mabala oterewa mungawawerenge ndi zala.

Eni malowa ali ndi mfundo, ndipo si yopepuka. Amati palibe amene amalowa mu bala ya cigar mosochera. Dzina lili pakhomo, fungo limakuchingamira usanakhale n'komwe pansi, ana saloledwa. Munthu wamkulu amene wasankha yekha kukhala pakati pa osuta anzake akulakwira ndani? Ine ndikavomereza zimenezi mosavuta zikanakhala kuti m'chipindamo muli makasitomala okhaokha.

Koma muli wina. Muli woperekera zakumwa, wotsuka matambula, wosesa, woimba. Kasitomala amakhala maola awiri n'kumapita kwawo, koma awa amakhala usiku wonse, masiku asanu kapena asanu ndi limodzi pamlungu. Akaweruka, utsi uli m'tsitsi, m'malaya, ndipo akafika kunyumba mwana amadziwa ndi mphuno kuti amayi abwera. Ambiri amaiwala kuti malamulo oletsa kusuta m'nyumba za ntchito sanapangidwe kuti asiyitse anthu fodya, ngakhale ena amasiyiradi pomwepo. Anapangidwa ngati malamulo oteteza wantchito, chimodzimodzi lamulo loti wa kumgodi avale chipewa cholimba.

Umboni wake unaonekera msanga. Pomwe boma la California linkaletsa kusuta m'mabala mu 1998, ofufuza ku San Francisco anayeza anthu 53 ogulitsa mowa lamulo lisanayambe, n'kudzawayezanso patatha milungu ingapo. Pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse ankadandaula za chifuwa, makhololo kapena kubanika. Atawayezanso, oposa theka la odandaulawo anali atasiya kumva mavutowa. Ku Scotland, komwe lamulo lotere linayamba mu Malichi 2006, odwala ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha matenda amtima odzidzimutsa anatsika ndi 17 peresenti m'miyezi yotsatira, ndipo ambiri mwa opulumukawo anali osasuta.

Zikumveka zodabwitsa kuti mtima uyankhe msanga chonchi, chifukwa tonse tinazolowera kuganiza za fodya ndi khansa ya m'mapapo, yomwe imatenga zaka kuti ionekere. Koma utsi sudikira zaka kuti ukhudze magazi. Theka la ola m'chipinda chautsi ndi lokwanira kuti mitsempha yopereka magazi kumtima iyambe kulephera kutakasuka bwino, magazi nawonso n'kuyamba kugwirana mosavuta. Kwa munthu amene mitsempha yake inali yothina kale, kamagazi kogwirana kamodzi kangatseke njira. Madokotala amati wosasuta amene amapuma utsi wa ena kunyumba kapena kuntchito amawonjezera chiopsezo cha matenda amtima ndi 25 mpaka 30 peresenti, ndipo cha khansa ya m'mapapo ndi 20 mpaka 30 peresenti.

Apa ndiye pali chondivuta. Pa mitundu yonse ya fodya, lamulo linachitira chifundo amene amafuka kwambiri. Ndudu imodzi imakhala ndi fodya wosapitirira galamu imodzi, pomwe cigar yaikulu imatha kukhala ndi magalamu 5 mpaka 20, kutanthauza kuti ina imafanana ndi paketi yathunthu. Kuvunditsa kuja, komwe kumakometsa fungo, kumachulukitsanso mankhwala oyambitsa khansa otchedwa nitrosamine. Tsamba lokulungira silipitisa mpweya ngati pepala la ndudu, choncho fodya sapsa mokwanira ndipo amatulutsa mpweya woipa wa carbon monoxide wambiri. Wosuta amadzitonthoza kuti sameza utsi, ndipo n'zoona kuti safunika kumeza, popeza chikonga cha mu cigar chimalowa m'thupi kudzera m'kamwa momwemo. Nayenso sapulumuka, khansa ya m'kamwa, yapakhosi ndi yakum'mero imamudikira. Koma utsi womwe sanamezewo umapita kuti? Umatsala m'chipinda, pamodzi ndi wochokera kunsonga yoyaka, ndipo amaupuma ndi uja wanyamula thireyi.

Eni malo amaloza makina okoka ndi kusefa mpweya, ena odula zedi. Makinawa amachepetsadi fungo ndi chifunga chooneka ndi maso. Koma lipoti la mkulu wa zaumoyo ku America, Richard Carmona, la mu 2006 linanena mosapsatira kuti palibe mlingo wa utsi wa ena womwe uli wosavulaza, ndipo kupatula osuta, kusefa mpweya kapena kuupititsa kunja sikuchotsa vutolo kotheratu. Ngakhale bungwe la akatswiri opanga makina a mpweya m'nyumba, ASHRAE, limanena zomwezo. Wogulitsa nsomba akakuuza yekha kuti yake siikwanira ndiwo, umamukhulupirira.

Nanga chifukwa chiyani cigar inakonderedwa? Mbali ina ndi ya ndalama ndi ulemu. M'zaka za m'ma 1990, makamaka magazini ya Cigar Aficionado itayamba kutuluka mu 1992, cigar inasanduka chizindikiro cha munthu amene zake zinayera, ndipo akatswiri a mafilimu ankajambulitsa ili kukamwa. Anthu otere mawu awo amamveka kukhonsolo. Wosuta ndudu wamba anangouzidwa kuti atuluke panja, basi.

Mpata wa ku New York uli ndi ubwino umodzi, woti sukula. Kwina zinthu zikulowera mbali ina. Ku North Dakota, komwe anthu anavota okha mu 2012 kuti kusuta m'nyumba za ntchito kuthe, aphungu anavomereza mu 2023 kuti malo osutira cigar azitsegulidwa. Mfundo za pangano la bungwe la zaumoyo la WHO lolimbana ndi fodya, lomwe Malawi analowamo mu 2023 ngakhale chuma chake chimadalira tsambali, zimati malo ogwirira ntchito azikhala opanda utsi kotheratu, osasiya chipinda chapadera.

Ku New Jersey aphungu anasiya mpata wofanana ndi umenewu mu 2006, osati wa cigar yokha komanso wa nyumba za juga za ku Atlantic City, komwe kusuta kumaloledwa pa gawo limodzi mwa magawo anayi a malo otchovera. Ogawa makadi kumeneko sangachoke patebulo, ngakhale kutembenuza nkhope, kasitomala akamawapemerera utsi. Anapanga gulu lawo lotchedwa CEASE, ndipo akhala akupita kunyumba ya malamulo ku Trenton ndi kukhoti kukapempha kuti lamulo lomwe limateteza anzawo a m'malesitilanti liwafikire nawonso.