Mpunga wa Khirisimasi umene ndidabweza

Alimi anzanga, sabata ino ndimayenera kulemba za kupalira koyamba ndi kuthira feteleza wobereketsa, koma ndaganiza zoti ndiyambe ndaulula mlandu wanga. Khirisimasi yayandikira, ndipo ino ndi nyengo imene mphatso zimauluka ngati ngumbi mvula ikagwa. Zina mwa mphatsozi zimatera pakhomo pa ife amene timalemba pa tsamba lino. Inu amene mumatulutsa ndalama yanu kugula nyuzipepalayi muli ndi ufulu wodziwa zimene zimachitika zikaterapo.

Mbewu yosamera

Udali mwezi wa Disembala m'chaka cha 2023. Kumbukirani kuti mu Novembala chaka chimenecho ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya shuga, mafuta ophikira, feteleza ndi mbewu idakwera nthawi imodzi. Mlimi amene adakwanitsa kugula paketi ya chimanga cha haibulidi chaka chimenecho adali atagulitsa mbuzi kapena atalowa m'ngongole.

Kumayambiriro kwa mweziwo alimi angapo a kufupi ndi msika wina waukulu m'chigawo chapakati adandipeza ndi dandaulo limodzi. Onse adagula mbewu pa sitolo imodzi, adadzala mvula itagwa bwino, koma chimanga chidamera mwa apo ndi apo. Ndidayendera minda itatu. Pa mzere wa mapando makumi awiri mumapezeka mbande khumi kapena khumi ndi ziwiri. Nditafukula mapando osamerawo ndidapeza njere zoola, osati zodyedwa ndi mbewa kapena nkhwali.

Mawu a pakamwa okha salembedwa m'nyuzi popanda umboni. Ndidapita pa sitolo ija ngati wogula wamba, nkugula paketi ya makilogalamu awiri ndi ndalama yanga, ndi kutenga lisiti. Kunyumba ndidawerenga njere 100 kanayi, nkuzifesa m'mabeseni anayi a mchenga wonyowa pa khonde. Patatha masiku asanu ndi awiri ndidawerenga zomera. Pa njere 100 zilizonse zidamera pafupifupi 58. Mbewu ya chimanga yovomerezeka imayenera kumera njere zosachepera 90 pa 100 zilizonse.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mukadzala pa mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, njere imodzi pa phando, hekitala imodzi imatenga mapesi opitirira 53,000. Ndi mbewu yomera 58 pa 100, mapesi amatsala pafupifupi 31,000. Feteleza mwagula yemweyo, ganyu mwalipira yemweyo, koma gawo lalikulu la munda likulera udzu. Akuluakulu adati m'mera m'poyamba.

Mwambo wa ntchito yathu umati usalembe za munthu usanamve mbali yake. Ndidabwerera kwa mwini sitoloyo, nkumuuza dzina langa ndi zimene ndapeza. Adandilandira mwaulemu ndithu, nati vuto ndi alimi amene amakwirira mbewu mozama. Ndidalemba mawu ake m'kope, nkumuuza kuti nkhaniyo ndiipereka kwa mkonzi Khirisimasi ikangopita.

Katundu pa kabaza

Pa 24 Disembala ndidafika kunyumba dzuwa litalowa. Ndisanatsike njinga ndidamva ana akuimba kuseri kwa nyumba. Pabalaza padali thumba la mpunga wa Kilombero la makilogalamu khumi, chigubu cha mafuta ophikira cha malita asanu, mapaketi anayi a shuga ndi kireti ya zakumwa zoziziritsa kukhosi. Kukhitchini kudali nkhuku imodzi yomangidwa miyendo. Inzake idathyoka mwendo m'njira, choncho amayi anga, amene adabwera kuchokera kumudzi kudzadya nafe Khirisimasi, adali ataizinga kale ndipo inkabwata pamoto. Mabotolo atatu adali atatha. Pa thumbapo padali kakalata kondifunira Khirisimasi yabwino, kosayinidwa ndi mwini sitolo uja. Za mbewu sadalembemo liwu ndi limodzi lomwe.

Ndisakunamizeni, mtima wanga udayamba wakondwa. Wolemba wosalembedwa ntchito ngati ine amalipidwa nkhani ikatuluka, ndipo kawirikawiri ndalamayo imafika mochedwa. Chaka chimenecho mayi a kunyumba adali atangokwanitsa makilogalamu awiri a mpunga wothyokathyoka ndi kabotolo ka mafuta. Tsopano m'nyumba monse munkamveka fungo la Kilombero, mpunga wa ku Karonga umene umanunkhira thumba lisanatsegulidwe n'komwe.

Nditanena kuti katunduyo abwerera m'mawa, m'nyumba mudangoti zii.

"Mwananga, kodi sukulu ija idakuphunzitsa mwano?" adatero amayi. "Kuyambira liti munthu kubweza mphatso? Ukufuna anthu aziti ndidabala mwana wonyada?"

"Amayi, munthuyu ndili naye pa nkhani. Mbewu yake yapweteka anthu."

"Nanga wakuuza kuti usalembe?"

"Ayi, sadanene."

"Tsono vuto lili pati? Idya mpunga, ulembe nkhani yako."

Mayi a kunyumba, amene nthawi yonseyo adali chete akupeta mpunga wathu uja pa lichero, adayankha osadzutsa mutu. "Amayi, bambowa ndimawadziwa. Akadya mpunga umenewu, cholembera chiwalemera."

Adanena zoona, ndipo adali ndi chifukwa.

Chipondamthengo

Atolankhani a m'dziko muno ali ndi dzina la envelopu imene amapatsidwa pakutha pa msonkhano. Amaitcha chipondamthengo, kutengera kangachepe kamene munthu amapereka kwa sing'anga asanalowe m'tchire kukakumba mankhwala. Ena amati ndi ya thiransipoti. Ine ndidailandirapo. Zaka zingapo m'mbuyomo kampani ina idatitengera ku tsiku la chionetsero cha mbewu zake. Tidaona munda wa m'mbali mwa msewu wobiriwira ngati nkhalango, tidadya nyama, tidalandira zipewa ndi maenvelopu. Ndidabwerako nkulemba nkhani yotamanda mbewuyo. Sindidafunse kuti m'mundamo adathiramo matumba angati a feteleza, kapena kuti mlimi wa ekala imodzi wokhala ndi thumba limodzi lokha angakolole zingati. Palibe adandiletsa kufunsa. Ndidangoona kuti n'kupanda ulemu kufunsa mafunso ovuta kwa munthu amene wangondidyetsa kumene.

Umo ndi mmene mphatso imagwirira ntchito. Siikuuza kuti uname. Imangofewetsa mawu. Pamene ukadalemba kuti mbewu siyikumera, umalemba kuti alimi ena akuti akukumana ndi zovuta. Pamene ukadaika nambala ija ya 58, umaisiya. Nkhani yoti ituluke sabata ino umaisunga mpaka nyengo yodzala itatha. Makolo athu ankadziwa bwino pamene ankati kupatsa n'kuika. Woika amabwera kudzatenga tsiku lina.

Bungwe la Media Council of Malawi lili ndi malamulo oyendetsera ntchito ya utolankhani, ndipo malamulowo amaletsa mtolankhani kulandira ziphuphu kapena zinthu zimene zingapotoze kalembedwe kake. Koma pa tsamba la alimi nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Wolemba za mpira akakondera, anthu amangokangana pa bawo. Ine ndikakondera, mayi wina amagulitsa mbuzi yake nkukagula mbewu yakufa, ndipo mvula siibwerera kuti ayambirenso. Ufulu wolemba umene tidaupeza pambuyo pa riferendamu ya 1993 sitidaupezere kuti tiugulitse ndi thumba la mpunga.

Ulendo wa m'mamawa

Tsiku la Khirisimasi ndidadzuka tambala woyamba atangolira. Tambala ameneyo, amene tidamusunga miyezi isanu ndi itatu kuti adzakhale ndiwo ya tsikulo, ndidamugwira nkumumanga miyendo kuti alowe m'malo mwa nkhuku yophedwa ija. Ndidagogoda pa okala ya mnansi nkukongola mabotolo atatu odzaza kireti. Zonse ndidamanga pa njinga yanga ndi pa kabaza.

Mwini sitolo ndidamupeza akutsegula. Nkhope yake idagwa.

"Achimwene, mwandichititsa manyazi. Ine ndimangokufunirani zabwino basi."

"Bwana, zikomo kwambiri, ndipo sindikuti mumafuna kundigula. Koma mapanga awiri avumbwitsa. Nkhani ija ikadali m'manja mwanga. Ikatuluka, inu ndi alimi muyenera kudziwa kuti ndidailemba ndi manja opanda kanthu."

Tidakhala chete kanthawi. Kenaka adanditengera kuseri nkundionetsa chipinda cha malata chopanda mawindo, chotentha ngati uvuni wa njerwa. Adavomera kuti mbewuyo idali yotsala ya chaka chatha, ndipo idakhala m'chipindamo chilimwe chonse pafupi ndi matumba a feteleza. Njere ya mbewu ndi chinthu chamoyo. Kutentha ndi chinyezi zimaipha pang'onopang'ono ngakhale paketi ikuoneka yatsopano. N'chifukwa chake mbewu yogonera imayenera kuyesedwanso isanagulitsidwe. Mawu amenewa sakadandiuza ndikadakhala kuti ndadya mpunga wake, chifukwa ine sindikadabwererako kukafunsa.

Phwando lathu

Ndidafika kunyumba anthu akuchokera ku tchalitchi. Amayi sadandiyankhule, koma ntchito adaigwira ngati kale. Nkhuku ija, imene tsopano idali yathu popeza tidailipira ndi tambala, adaiwiritsanso mpaka madzi kutsala pang'ono, nkuikazinga m'mafuta ake omwe pamodzi ndi anyezi ndi matimati a m'dimba. Mpunga wothyoka uja mayi a kunyumba adausankha miyala, nkuutsuka kawiri, nkuuphika ndi madzi oyeza, ndipo madzi atauma adaika makala pamwamba pa chivindikiro kuti upse mofanana. Padali nkhwani wotendera, bowa amene ana adazula m'mawa, ndi mango odzaza dengu. Thobwa adali atakonza amayi dzulo lake: phala la mgaiwa lozizira bwino, chimera cha mawere chochokera kumudzi, kuligoneka usiku wonse nkuliwiritsanso m'mawa.

Mpunga sudakwane, choncho akuluakulu tidaonjezera nsima. Mwana wanga wamng'ono adafunsa kumene kudapita zakumwa zija, ndipo ndidasowa poyambira. Koma pogawa nyama amayi adatenga nthutumba, imene kwathu amapatsa mwini khomo, nkuiika m'mbale mwanga osanena kanthu. Ndidadziwa kuti mlandu watha.

Nkhani idatuluka sabata yoyamba ya Januwale 2024, ndi nambala zake zonse ndi mawu a mwini sitolo. Iye adasinthira mbewu alimi amene adali ndi malisiti. Amene adataya malisiti sadapeze kanthu. Ndipo ngakhale olandirawo adapakiza mochedwa, nkukumana ndi ng'amba ya El Niño imene idachititsa Pulezidenti wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Choncho sindinganene kuti nkhani yanga idapulumutsa anthu. Chimene ndinganene n'chakuti siidawanamize.

Nanga dzungu la agogo?

Wina afunsa kuti, kodi ndiye kuti mukabwera kumudzi kwathu tisakupatseni ngakhale chinangwa? Ayi, sindikutero. Gogo akandithyolera nkhwani kapena kundipatsa dzungu nditayendera munda wake, ndimalandira ndi manja awiri, chifukwa kukana kungakhale mwano weniweni umene amayi ankanena. Ndisanalandire kanthu ndimadzifunsa mafunso atatu. Kodi wopatsayu ali ndi malonda kapena mbiri imene cholembera changa chingakweze kapena kugwetsa? Kodi akadandipatsa ndikadakhala kuti sindilemba m'nyuzi? Kodi ndingathe kulemba pa tsamba lino kuti ndalandira chakutichakuti kwa uje, osachita manyazi? Dzungu la agogo limapambana mayeso onse atatu. Mpunga uja udalephera onse.

Kwa akonzi ndi eni nyuzipepala ndili ndi pempho limodzi. Mtolankhani wanjala savuta kugula. Lipirani olemba anu pa nthawi yake, ndipo muwapatse ndalama yoyendera kuti asamadalire galimoto ya munthu amene akukamulemba.

Kwa inu alimi anzanga, musakhulupirire mbewu chifukwa choti yatamandidwa m'nyuzi, ngakhale wotamandayo ndine. Gulani msanga kwa wogulitsa wovomerezeka. Onani chizindikiro cha pa paketi, nambala yake ndi tsiku limene mbewuyo idayesedwa. Tengani lisiti, ndipo musataye paketi mpaka chimanga chitamera. Sabata ziwiri musanadzale, fesani njere 100 mu mchenga wonyowa kapena pa chiguduli chonyowa, muwerenge pakatha masiku asanu ndi awiri. Zikamera zosakwana 90, bwererani ku sitolo ndipo mukauze alangizi a m'dera lanu. Akatswiri oyesa mbewu ali ku malo a kafukufuku a Chitedze ku Lilongwe, ndipo alangizi amadziwa njira yofikitsira dandaulo kumeneko.

Chaka chino amayi abweranso, ndipo atumiza kale uthenga woti chimera chauma. Tambala wina akukula pakhomo. Sabata ya mawa tidzakambirana za feteleza wobereketsa ndi mbozi za ntchemberezandonda. Khirisimasi yabwino kwa nonse, ndipo musaiwale kupalira.