Utoto umene umaulula tizilombo

Munthu akakhosomola masabata awiri n'kupita kuchipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje, amam'patsa kabotolo kolavuliramo makhololo. Wotentha thupi amam'baya pachala. Zimene zimachitika pambuyo pake ambirife sitiziona, n'chifukwa chake nkhani zimachuluka m'midzi.

Ena amati: "Magazi ndi makhololo athu amakachita nazo zina."

Manthawa ndi omveka, poti tinakula tikulangizidwa kusataya tsitsi kapena zikhadabo paliponse. Koma woyeza ndi maikulosikopu amangopaka pang'ono pakagalasi, kuumitsa, n'kuthirapo utoto. Tizilombo tambiri n'topanda mtundu ngati madzi, choncho popanda utoto tingabisale pamaso pa katswiri yemwe.

Ena amati: "Akakuyeza kamodzi aona matenda onse."

Utoto uliwonse uli ndi ntchito yake. Wa Giemsa umaonetsa kachilombo ka malungo m'magazi, kooneka ngati kamphete ka buluu kokhala ndi kadontho kofiira. Pofufuza chifuwa chachikulu (TB), njira ya Ziehl-Neelsen imayamba ndi utoto wofiira, kenako kagalasiko amakatsuka ndi asidi. Zina zonse zimasuluka ngati chitenje chotchipa, n'kulandira utoto wa buluu. Kachilombo ka TB, kamene Robert Koch anakatulukira mu 1882, kali ndi khungu ngati phula, ndiye kamakakamira kufiira kwake, n'kuonekera poyera. Njira ya Hans Christian Gram ya mu 1884 imagawa mabakiteriya pawiri, apepo ndi apinki, ndipo izi zimathandiza dokotala kusankha mankhwala oyenera. Kupezeka wopanda malungo sikutanthauza kuti chifuwa chayezedwanso.

Ena amati: "Sanapeze kanthu, ndiye kuti n'zolodzedwa."

Apa m'pomwe timataya abale athu. Kuti TB ioneke pakagalasi, pamafunika tizilombo masauzande m'makhololo osadzaza n'kasupuni komwe. Tikachepa, monga zimachitikira kwa ana ndi kwa anthu ena amene ali ndi HIV, kapena ngati munthu wapereka malovu m'malo mwa makhololo ochokera pansi pa chifuwa, titha kusaoneka. Zikatero pali makina a GeneXpert ndi X-ray, omwe amathandiza kupeza zimene diso laphonya.

Choncho amayi, abambo, chifuwa chikapitirira bwereraniko, musatope. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo ambiri amachira akamwa mokhulupirika miyezi 6. Kabotolo kaja musakaope: kamanyamula mdani kupita naye kumene sangabisalenso.