Kompyuta Ikadzaza, Yambani Mwaona Chimene Chadya Malo

Achinyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mamemore khadi ku Furancungo, m'boma la Macanga, ndi m'misika ya ku Tsangano amadziwa vuto la kompyuta yodzaza. Imayamba kuchedwa, makasitomala akudikira. Zimandipweteka kuona munthu akufufuta mafayilo mwachisawawa, mpaka kutaya zithunzi za ukwati wa eni ake.

Ine ndimalangiza kuti muyambe mwaunika disiki ndi pulogalamu ya WinDirStat. Ndi yaulere, inatuluka mu 2003, ndipo mukaiika kamodzi sifunanso intaneti. Imawerenga disiki yonse n'kujambula fayilo iliyonse ngati kabokosi kamtundu, kukula kwake molingana ndi malo amene yatenga. Chithunzicho chimaoneka ngati minda ya mbatata ya kachewere mukamaiona muli paphiri ku Tsangano: munda waukulu subisika. Njira yojambulira imeneyi anaiyambitsa ndi Ben Shneiderman wa ku yunivesite ya Maryland cha m'ma 1990.

Ngati disiki ndi yaikulu, pulogalamu ina ya WizTree imafulumira kwambiri chifukwa imawerenga mndandanda wa mafayilo umene Windows imasunga kale. Pa foni ya Android, Files by Google imaonetsa mafayilo akuluakulu ndi obwerezedwa.

Koma chenjerani, si bokosi lalikulu lililonse limene lili chinyalala. Musakhudze foda ya Windows kapena fayilo ya pagefile.sys. Yambani ndi mafilimu osungidwa kawiri ndi zotsala mu Downloads, ndipo zofunika muzikopere pa fulashi musanafufute chilichonse.