MBAULA M'CHIPINDA CHOGONA

Mwezi wa June ukafika, chiperoni nkuyamba kuwomba, mabanja ambiri ku Dedza, Ntcheu, Thyolo, Mulanje ndi Mzimba amalowetsa mbaula m'nyumba, natseka chitseko ndi mazenera kuti ana agone mofunda. Palibe amene angawadzudzule pofuna kuthawa chisanu. Koma chizolowezi chimenechi chimapha anthu ali m'tulo, ndipo otsala amayamba kukayikira nsima ya dzulo kapena mnansi wawo.

Moto umapuma monga munthu. Umafuna mpweya wabwino wolowa, ndiponso njira yoti mpweya woipa utulukire. Makala oyaka amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Panja mpweya umenewu umauluzika ndi mphepo, koma m'chipinda chotseka umaunjikana, ndipo moto ukayamba kusowa mpweya wabwino umautulutsa wochuluka koposa. Ulibe fungo, ulibe mtundu, suwawa m'maso, sutsokomoletsa. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu yoposa ya okosijeni kopitirira ka 200, kotero kuti magazi amayenda m'thupi koma ubongo ndi mtima zili kusowa mpweya.

Chaka china m'nyengo yozizira, mayi wina anafika pachipatala chathu chaching'ono m'mamawa ndi ana ake awiri, onse akudandaula mutu ndi kusanza. Atawayeza, malungo sanapezeke. Pofika masana onse anali bwino, koma mawa lake anabweranso ndi matenda omwewo. Ndinapita kukaona nyumba yawo. Inali yatsopano, ya njerwa zootcha ndi malata, yokongola ndithu. Timabowo ta mpweya ta pamwamba pa mazenera anatitseka ndi sanza ndi mapepala a simenti, ndipo mbaula inali pafupi ndi mphasa. Mwini nyumba anandiyankha mwaulemu kuti, "Bambo, ife timayamba tadikira kuti makala apse, utsi uthe, ndiye nkulowetsa."

Apa ndi pamene ambiri amalakwira. Utsi wa nkhuni umachenjeza: munthu amatsokomola natsegula chitseko. Makala ofiira opanda utsi sachenjeza aliyense, komabe poizoni ali kutuluka. Kuwakwirira ndi phulusa sikuthandiza, pakuti amanyekabe pansipo. Ndinenenso kuti nyumba zaudzu za makolo athu zinkalowetsa mphepo m'tsindwi ndi pamwamba pa chipupa. Sindikuti tibwerere ku udzu, koma womanga nyumba yamalata ya mazenera agalasi adziwe kuti timabowo tija si tokongoletsa.

Kodi mungadziwe bwanji kuti mpweya umenewu wakulowani? Mutu umawawa, mumamva chizungulire ndi nseru, miyendo imafooka, maganizo amasokonezeka, koma kawirikawiri thupi silitentha. Chizindikiro chachikulu nchakuti anthu angapo a m'nyumba imodzi amadwala nthawi imodzi, napeza bwino akatuluka panja. Wogona tulo samva chilichonse cha zimenezi; amangokomoka. Makanda, okalamba, odwala mtima, ochepa magazi ndi amene agona ataledzera amagonja msanga. Mayi wapakati akhoza kudzuka ali bwino pamene mwana wa m'mimba wavulala. Anamkungwi ndi apongozi amene mumasonkhera moto mayi ali m'chikuta, kumbukirani zimenezi. Inunso alonda amene mumaotha mbaula m'kanyumba ka pachipata.

Mukapeza munthu wafooka kapena wakomoka m'chipinda muli mbaula, tsegulani chitseko ndi mazenera, ndipo mumtulutsire panja msangamsanga, inu osachedwamo. Ngati wakomoka koma akupuma, mgonekeni chammbali kuti masanzi asamtsamwe. Musammwetse mkaka, madzi kapena mankhwala azitsamba. Mkaka suchotsa poizoni ameneyu. Thamangirani naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka, ndipo muwauze achipatala kuti munali mbaula, chifukwa mankhwala ake ndi okosijeni.

Mbaula ikhale pakhonde kapena m'khitchini ya padera. Othani moto muli maso, ndipo musanagone muitulutse panja. Ndalama ya thumba la makala ofundira usiku ndi bwino igule bulangete ndi majuzi a ana.

Amene mwayamba kuphikira gasi, yang'anani lawi. Likhale lobiriwira ngati kumwamba. Likamayaka mwachikasu nkumadetsa mapoto ndi mwaye, moto ukusowa mpweya, ndipo chitofu chifunika kuchikonza. Jenereta isalire m'nyumba kapena pansi pa zenera. Ku maiko ozizira monga Canada, ng'anjo zamakono za gasi zofunditsa nyumba kawirikawiri zimakhala ndi mapaipi awiri: imodzi yokoka mpweya wabwino kuchokera panja, inayo yotulutsa woipa. Eni nyumba amayendera mapaipiwo kuti chipale chofewa kapena chisa cha mbalame chisawatseke, ndiponso amapachika kachipangizo kolira mpweya wapoizoni ukachuluka. Ife mapaipi athu ndi zenera ndi timabowo ta pakhoma.

Kunyumba ija tinachotsa sanza zonse tsiku lomwelo, mbaula nkuisamutsira pakhonde. Mayi uja ndinakumana nayenso kusikelo ya ana mwezi wotsatira. Mutu wa m'mamawa unali utasiya.