Solomon Linda ndi Kwaya ya Evening Birds

Inu amuna a pa mgodi amene mumaimba m'komboni Loweruka usiku, tamvani za anzanu akale. Solomon Linda, Mzulu wa ku Msinga, anafika ku Joni m'caka ca 1931, nasonkhanitsa anzace owerengeka, nakhala kwaya ya Evening Birds. Anali kuimba nyimbo za ukwati ndi za kwao, atabvala masuti, Linda liu lace lili pamwamba, anzace alikugunda besi pansi.

Mu 1939 anajambula "Mbube," ndiye kuti mkango, kwa Gallo. Linda anapatsidwa mashilingi khumi okha! Nyimboyo inaoloka nyanja, nisanduka "The Lion Sleeps Tonight" ku America mu 1961, nilemeretsa eni ena. Linda anamwalira wosauka mu 1962, ndipo mlandu wa ndarama za ana ace unatha mu 2006.